Makadi a mitu ya nyuzi zakale, 1919 mpaka 1939: pomwe tafika

Sabata 1, Lachiwiri

Ndayamba kulemba apa kuti ndisamaiwale pomwe ndasiyira, komanso kuti aphunzitsi anzanga a Histole amene mwakhala mukundifunsa muziona nokha mmene zikuyendera. Nkhani yake ndi iyi, ana anga amene akukonzekera MSCE tikafika pa zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zija maso amawalemera. Versailles, League of Nations, kugwa kwa chuma mu 1929, Hitler, Munich, zonsezi amangoloweza ngati mavesi a ku Sande sukulu, mayeso akangotha zaulukanso. Nde ndaganiza zopanga makadi a manila. Kutsogolo kwa kadi kuzikhala mutu wa nkhani weniweni womwe nyuzi ina inasindikiza nthawi imeneyo, dzina la nyuziyo ndi tsiku lake, pansi pake Chichewa chake, kenako kumbuyo zomwe zinadzachitikadi. Ndikusankha dala mitu yoseketsa. Ndikufuna makadi 20 teremu ino isanathe.

Lamulo ndadziikira limodzi lokha, mutu uliwonse ndiuone kaye ndi maso anga pa chithunzi cha tsamba la nyuziyo kapena m'nkhokwe yake ya pa intaneti. Zongotumizirana pa WhatsApp sizilowa.

Sabata 1, Loweruka

Makadi awiri oyamba atheka ndipo onse ndi a New York Times.

Loyamba ndi la pa 10 Novembala 1919. Pa 29 Meyi chaka chimenecho kunali kadamsana, asayansi aku Britain anapita kukajambula nyenyezi ku chilumba cha Príncipe kufupi ndi gombe la kumadzulo kwa Africa kuno, ena ku Sobral ku Brazil, kuti aone ngati kuwala kwa nyenyezi kumakhotadi podutsa pafupi ndi dzuwa monga ankanenera Einstein. Zinapezeka kuti kumakhotadi. Nde nyuzi ija mutu wake inalemba mizere yambirimbiri yosanjikana mmene ankachitira masiku amenewo, wapamwamba ukuti nyali zonse zakumwamba zapendekeka, wina ukuti asayansi ali kakasi pang'ono, koma womwe wandipha ine ndi wapansi, woti nyenyezi sizili pomwe timaziona kapena pomwe masamu ankati zili, koma pasakhale wodandaula. Ndawerenga mzere umenewu mwina kakhumi ndipo ndikusekabe. Mkonzi anakhala pansi nkuganiza kuti pali munthu wina adzuka mmawa, awerenga kuti nyenyezi zasuntha, nkuyamba kumanga katundu, nde bola timutonthozeretu. Ndimamukonda mkonzi ameneyu, anali ndi chisoni ndi owerenga ake.

Lachiwiri ndi la pa 13 Januwale 1920, ili linali pa tsamba la ndemanga za akonzi. Ankanyoza Robert Goddard, mphunzitsi wa sayansi yemwe analemba kuti roketi ingathe kukafika kumwezi. Iwo anati roketi singayende kopanda mpweya chifukwa ilibe choti ikankhe, ndipo anaonjeza kuti bamboyu akuoneka kuti sadziwa ngakhale zomwe ana a sekondale amapakuliridwa tsiku ndi tsiku. Goddard sanasiye, pa 16 Malichi 1926 anaulutsa roketi yake yoyamba ya mafuta amadzi ku Auburn, Massachusetts, ndipo anamwalira mu 1945. Nyuzi ija inadzapepesa pa 17 Julayi 1969, Apollo 11 itanyamuka kale dzulo lake ili m'njira ya kumwezi. Kandime kakang'ono, komaliza ndi mawu oti nyuziyi ikudandaula ndi kulakwitsako. Zaka 49! Mwini wake atagona m'manda zaka 24.

Sabata 2, Lachinayi

Lero ndayesa makadi awiriwa mkalasi ndipo ndaphunzirapo chinthu chomwe chasintha ntchito yonse. La Goddard nditawerenga kutsogolo kwake ana anangoti duu, nditatembenuza nkuwerenga za 1969 anaseka pang'ono, koma mtsikana wina wa kumbuyo anatenga cholembera nkuchotsera yekha, kenako anakuwa kuti "aphunzitsi, ndiye kuti anadikira zaka 49 kuti anene pepani?" Apa mpamene kalasi yonse inaphulika. Nde ndaona kuti chimene chikuwaseketsa ndi mtunda wa pakati pa tsiku lomwe nyuzi inalankhula modzikhulupirira ndi tsiku lomwe zoona zinatulukira. Kuyambira lero kadi lililonse kumbuyo kwake pakona ndizilemba nambala ndi maka yofiira, masiku angati kapena zaka zingati bodzalo linakhala moyo. Ana awerengetse okha, ine ndizingochonga.

Sabata 2, Lamulungu

Magetsi kulibe chiyambire mmawa, laputopu yatha moto. Ndadula manila basi.

Sabata 3, Lachitatu

Sabata ya 1929. Makadi awiri oyendera limodzi ngati mapasa.

Pa 16 Okutobala 1929 New York Times inalemba kuti Irving Fisher, katswiri wa zachuma wa pa yunivesite ya Yale, akuona kuti mitengo ya masheya yafika pamwamba pomwe izikhala mpaka kalekale. Pa 24 Okutobala msika wa masheya wa ku New York, womwe amautchula kuti Wall Street, unayamba kugwa, pa 28 unatsika pafupifupi 13 peresenti tsiku limodzi, pa 29 pafupifupi 12 peresenti ina, masheya oposa 16 miliyoni atagulitsidwa tsiku limenelo anthu akuthawitsa kangachepe komwe kanatsala. Pofika Julayi 1932 msikawo unali utataya pafupifupi 89 peresenti ya pomwe unafika mu 1929. Nambala yofiira pa kadi la Fisher ndi masiku 8. Iyenso mwini wake anataya chuma chake chambiri momwemo, nde sikuti ankanamiza anthu dala, ankakhulupiriradi.

Mapasa ake ndi la Variety, nyuzi ya anthu azisudzo ndi makanema, pa 30 Okutobala 1929: "Wall St. Lays an Egg". Ili ndiye landidyera masiku atatu. Mukalimasulira mmene lilili likuti Wall Street yaikira dzira, ndipo kwathu kuno nkhuku ikaikira dzira ndi nkhani yabwino, ana anaganiza kuti msikawo wapindula. Koma kwa anthu azisudzo aku America kuikira dzira ndi pamene sewero lalephereratu, anthu osaseka, osaomba m'manja, holo yopanda anthu mawa lake. Nde nyuzi ya zisudzo inatenga tsoka la dziko lonse nkulilemba ngati sewero lomwe lakanika usiku woyamba. Nthabwala yake ili pamenepo, ndipo Chichewa chake chikuyenera kukhala cha mumsewu, chachifupi, chopanda ulemu.

Ndinalemba pa bolodi kuti aliyense apereke lake. Wina anati "Wall Street yalemba m'madzi", labwino koma ndi la achikulire, lofatsa kwambiri. Wina anati "Wall Street yatuwa", ili ndinalikonda chifukwa likuonetsa munthu woti dzulo anali ndi ndalama lero alibe ndi ya mafuta odzola omwe, koma kutuwa kumabwera pang'onopang'ono pomwe apa zinachitika masiku ochepa. Tinavota pokweza manja ndipo lomwe lapambana ndi "Wall Street yagwa nayo". Sindinakhutire kwenikweni chifukwa fungo la zisudzo latayika, koma ana akaliwerenga amaseka malo oyenera, ndipo ndi ntchito yake imeneyo. Ndalemba la Chingerezi pamwamba ndi kandime kofotokoza za dziralo kumbuyo.

Sabata 4, Lolemba

Lero ndataya mitu iwiri yomwe ndinkaifunitsitsa, mtima ukuwawa koma lamulo ndi lamulo.

Wina ndi uja wotchuka woti ku Chile kwachitika chivomerezi chaching'ono, sikunafe anthu ambiri. Mtolankhani Claud Cockburn ankanena kuti anaulemba iye ali ku The Times ya ku London, pa mpikisano wa akonzi wofuna mutu wosakoma kuposa yonse. Nkhaniyo ndi yokoma koma anthu afufuza m'nkhokwe ya nyuziyo ndipo mutuwo mulibe. Winawo ndi woti pa nyanja ya pakati pa England ndi France pagwa chifunga, ndiye Europe yense wadulidwa, ngati kuti chilumba ndiye dziko lalikulu. Uwunso aliyense amautchula, wina akuti inali nyuzi iyi wina iyo, tsamba lake palibe walionetsa. Onse awiri atuluka.

Mnzanga wa Chingerezi mu stafu rumu anandipatsa wa Titanic woti anthu onse apulumuka ndi wa Dewey kugonjetsa Truman pa chisankho cha pulezidenti wa America. Onsewa ndi enieni koma woyambayo ndi 1912, winayo 1948, ali kunja kwa mpanda wathu.

Sabata 4, Lachisanu

Kadi la ku France. Pa 8 Meyi 1927 oyendetsa ndege awiri, Charles Nungesser ndi François Coli, ananyamuka pa bwalo la ndege la Le Bourget ku Paris pa ndege yawo L'Oiseau Blanc kufuna kukafika ku New York osatera pena paliponse. Nyuzi ya La Presse, pofuna kukhala yoyamba, inatulutsa tsamba loyamba lonena kuti Nungesser ndi Coli akwanitsa, mpaka kutchula ola lomwe afikira ku New York ndi kufotokoza mmene anatera. Anthu ku Paris anasangalala m'misewu. Chonsecho ndegeyo sinafike, ndipo mpaka lero sinapezeke. Patangopita masabata awiri Charles Lindbergh anauluka yekha kuchokera ku New York nkutera pa Le Bourget pomwepo pa 21 Meyi, atakhala m'mwamba maola 33 ndi theka.

Ndalimbana nalo kadi limeneli chifukwa anthu awiri anafa. Ndaliika koma ndalemba kumbuyo momveka kuti tikuseka mkonzi yemwe analemba za kutera komwe sanakuone, oyendetsa ndegewo tikuwapatsa ulemu wawo. Nambala yofiira apa si masiku, ndi maola chabe.

Sabata 5, Lachiwiri

Abale, Loch Ness. Ili ndiye kadi lomwe ana alilanda, likumayenda m'makalasi ena ine osadziwa, labwerako lero m'mphepete mutapindika.

Mu 1933 anthu a ku Scotland anayamba kunena kuti m'nyanja ya Loch Ness muli chilombo. Daily Mail ya ku London inalemba ganyu mlenje wina wotchedwa Marmaduke Wetherell, yemwe ankadziwika kuti anasakapo nyama zikuluzikulu, kuti akachipeze. Mu Disembala 1933 atangofika masiku ochepa anapeza mapazi akuluakulu m'mphepete mwa nyanja, ndipo nyuziyo inalengeza kuti chilombo cha Loch Ness si nthano koma ndi zenizeni. Anaumba zikombole za mapaziwo nkutumiza ku Natural History Museum ku London. Kumayambiriro kwa Januwale 1934 yankho linabwera, mapaziwo ndi a mvuu. Osati mvuu yamoyo, koma phazi limodzi louma, lija azungu ankadula nkusandutsa chokongoletsera m'nyumba, munthu anangolidinda m'matope mobwerezabwereza, mapazi onse a mwendo umodzi.

Nditafika pa mawu oti mvuu kalasi inagwa pansi. Mnyamata wina kwawo ndi ku Liwonde, anaimirira osapempha nkomwe, akuti "aphunzitsi, akanangoitana agogo anga, iwo mvuu ikalowa m'munda usiku mmawa amakuuzani kuti inali yaikazi ndi mwana, inatulukira apa nkubwerera apo." Anabwera kutsogolo nkujambula pa bolodi phazi la zala zinayi, nkuonetsa mmene mvuu imasiyira tinjira tiwiri toyandikana, lamanzere ndi lamanja, pakati pali kamzere ka udzu. Akuti ngati mapazi onse ndi a mwendo umodzi ndiye kuti mvuuyo imadumpha ngati mwana wosewera fulaye. Ndinamusiya aphunzitse, anatenga mphindi khumi ndipo palibe anayasamula. Ena anayamba kufunsa ngati chilombochi ndi Napolo wa azungu, nde tinachezako pang'ono za mmene anthu kulikonse amaikira chilombo pamalo pomwe madzi ndi akuya kapena phiri likugumuka.

Nkhaniyi ili ndi mchira. Pa 21 Epulo 1934 Daily Mail yomweyo inasindikiza chithunzi chija aliyense anachionapo, khosi lalitali litatuluka m'madzi, akuti anajambula ndi dokotala wa ku London, Robert Kenneth Wilson, ndipo anthu anakhulupirira poti dokotala sanganame. Mu 1994 zinaululika kuti kanali kachidole ka sitima yoyenda pansi pa madzi komwe anakamatapo mutu ndi khosi, ndipo yemwe anakaumba ndi Christian Spurling, mwana wopeza wa Wetherell uja, mlenjeyo atakwiya kuti nyuzi inamuchititsa manyazi pa nkhani ya mvuu. Nde apa makadi atuluka awiri, la mapazi nambala yake ndi masabata awiri okha, la chithunzi zaka 60.

Sabata 5, Loweruka

Ndinapita kutauni kukapanga fotokope masamba asanu ndi limodzi, mnyamata wa pa makina anawakulitsa mpaka mzere wa tsiku pamwamba unadulidwa pa onse. Popanda tsiku kadi lilibe ntchito. Ndabwereza, ndalipira kawiri. Amene mukufuna kupanga zanu muziimirira pomwepo akamajambula.

Ndamalizanso la Literary Digest, iyi inali magazini koma ndailola. Mu 1936 inatumiza mapepala 10 miliyoni kufunsa anthu yemwe adzamuvotere, oposa 2 miliyoni anabweza, ndipo pa 31 Okutobala inalengeza kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt pa chisankho cha pulezidenti wa America. Mayina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, nthawi yoti anthu osauka analibe zonsezo, komanso omwe anavutikira kubweza mapepalawo ambiri anali okwiya ndi boma. Pa 3 Novembala Roosevelt anatenga zigawo 46 mwa 48, Landon anangopeza Maine ndi Vermont. Masiku 3. Magaziniyo inatsekedwa mu 1938. Mphunzitsi wa masamu walibwereka kale kadi limeneli.

Sabata 6, Lachinayi

Lero linali tsiku lovuta ndipo ndikufuna ndilembe bwino.

Pali makadi awiri omwe ndakhala ndikuwasunga m'drowa. Loyamba ndi New York Times ya pa 21 Disembala 1924, kankhani kakafupi kwambiri, mutu wake ukuti ndende yamuweta Hitler, watulutsidwa asanamalize chilango ndipo akuyembekezeka kubwerera kwawo ku Austria. Anali atamangidwa chifukwa chofuna kulanda boma ku Munich mu Novembala 1923, anagamulidwa zaka zisanu koma anatuluka m'ndende ya ku Landsberg chaka chomwecho cha 1924. Mtolankhaniyo anaona munthu wofooka woti ndale zake zatha. Pa 30 Januwale 1933 munthu yemweyo anakhala mtsogoleri wa boma la Germany. Lachiwiri ndi Daily Express ya pa 30 Seputembala 1938, nduna yaikulu ya Britain Neville Chamberlain atangosaina pangano la ku Munich lopereka Sudetenland, dera la dziko la Czechoslovakia, kwa Hitler. Nyuziyo inalengeza pa tsamba loyamba kuti Britain salowa nkhondo ya ku Europe chaka chino, ngakhalenso chaka chamawa. Britain analengeza nkhondo pa 3 Seputembala 1939. Ana anawerengetsa okha, masiku 338.

Nditawerenga la Hitler anaseka kwambiri, makamaka mawu oti kuweta, wina anati ngati galu. La Express anasekanso pa "ngakhalenso chaka chamawa" chifukwa mkonziyo sanakhutire ndi kulonjeza chaka chimodzi, anachita kuonjezera china cha basela. Kenako nditatembenuza makadi nkuyamba kuwerenga kumbuyo, Ayuda 6 miliyoni ophedwa, mizinda yopserera, kuseka kunazilala kokha. Ndinawauza kuti nkhondo yomwe nyuzi ija inati kulibe inafika mpaka kwathu kuno, anyamata a Nyasaland a King's African Rifles anatengedwa kukamenya ku East Africa, ku Madagascar mpaka ku Burma, ena sanabwerere. Mtsikana uja wa masamu a zaka 49 anakweza mkono nkunena kuti agogo awo a mayi ake anapita ku Burma ndipo kunyumba kudakali mendulo yawo m'kachitini. Ndinamupempha kuti akafunse kwawo ngati angalole tidzaione.

Titaweruka mphunzitsi mnzanga wachikulire yemwe anakhala nawo kumbuyo anandiuza kuti makadi awiriwa ndiwachotse, akuti Hitler sasekedwa. Ndamumvetsa ndipo ndimawalemekeza bambowa, aphunzitsa zaka zambiri kuposa ine. Koma sindichotsa. Ana aja anaseka chifukwa akudziwa mathero, ndipo atangozindikira kuti anthu a 1924 ndi 1938 sankawadziwa, anamvetsa Munich kuposa mmene manotsi anga onse anawamvetsetsera. Mnyamata wina anafunsa kuti "nanga Chamberlain akanatani, poti anthu ake anali atangoika ana awo m'manda zaka 20 zapitazo?" Funso limeneli sindinalimvepo mkalasi mwanga chiyambire. Chomwe ndavomera ndi choti makadi awiriwa akhale a manila a mtundu wina, ndasankha yotuwa, ndipo azibwera kumapeto kwa phunziro osati pakati pa mvuu ndi dzira.

Sabata 7, Lolemba

Omalizidwa ndi 10. Omwe ali m'njira ndi atatu.

La Tutankhamun, Farao wakale wa ku Egypt, manda ake anapezeka mu Novembala 1922, Lord Carnarvon yemwe ankalipira ntchito yofukulayo anamwalira ku Cairo pa 5 Epulo 1923 bala la udzudzu litalowa matenda, nyuzi zinadzaza nkhani za temberero la Farao pomwe Howard Carter yemwe anatsegula mandawo anakhala moyo mpaka 1939. Ana a kuno nkhani ya udzudzu aimva msanga. La ku Australia, Novembala 1932, asilikali anatumizidwa ndi mfuti ziwiri za Lewis kukalimbana ndi emu, mbalame zazikulu zonga nthiwatiwa zomwe zinkadya tirigu ku Western Australia, mbalamezo zinkangobalalika asilikali nkubwerera. Nyuzi za kumeneko zili pa Trove, nkhokwe yawo ya pa intaneti, zaulere, vuto ndi bandulo basi, masamba ake ndi olemera. Lachitatu ndi la pa 31 Okutobala 1938, nyuzi za ku New York kulengeza kuti sewero la pa wailesi la Orson Welles, lonena za zolengedwa za ku Mars zodzalanda dziko, lachititsa mantha dziko lonse, pomwe ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti omwe anamvera pulogalamuyo anali ochepa ndipo nyuzi zinakokomeza.

Makadi 20 teremu ino sindifika, ndaika 14. A hedi alola kuti tiwalaminete chifukwa la mvuu layamba kale kung'ambika. Holide ikubwerayi ndikufuna ndipite ku National Archives ku Zomba ndikaone Nyasaland Times, kholo la Daily Times ya lero, makamaka masamba a Novembala 1929 ndi Okutobala 1938, kuti pakhale makadi awiri kapena atatu osindikizidwa ku Blantyre konkuno. Mendulo ija makolo avomera, ibwera Lachisanu, ndauza ana asambe m'manja asanaigwire.